Kodi wamkulu akalamula, alipo womuletsa?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa bambo wina wa ku Domwe, m'boma la Angonia, mlimi wa mbatatesi ndi soya. Ndaifupikitsa, koma mtima wake ndi uwu:

"Mwana wa mlongo wanga anakangana ndi munthu wina pa za malire a dimba. Munthuyo ndi m'bale wake wa wamkulu wina wa boma kwathu kuno. M'mawa mwake apolisi anabwera kudzamutenga mnyamatayo, amvekere zachokera kumwamba. Anagona m'chitokosi masiku anayi osaonana ndi woweruza, kenaka anangomutsegulira popanda kapepala kalikonse. Ine ndine mwini mbumba, ndiye zinandiwawa. Nditati ndikadandaule, alamu anga anandiseka, akuti mukadandaula kwa yani, poti woweruza, phungu, wapolisi ndi Pulezidenti onsewo amadyera mbale imodzi. Komatu ife kuno timamvera wailesi za ku Malawi, ndipo tinamva kuti kumeneko khoti linafafaniza chisankho cha Pulezidenti. Nanga kuno ku Mozambique alipo amene angaletse mnzake? Kapena alamu anga akunena zoona?"

Bambo, pepani ndi zimene zagwera mbumba yanu. Khazikani mtima pansi, simunalakwe kufunsa. Ngati zinayenda monga mwafotokozeramo, lamulo la dziko lino silizilola, ndipo pali chigamulo chimene chinaperekedwa pa nkhani yonga yomweyi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuperekeza anthu m'mabwalo a milandu m'chigawo chino cha Tete, funso lanuli ndalimva kambirimbiri, kawirikawiri kuchokera kwa munthu amene watopa kale ndi kuyenda. Alamu anu sindiwatsutsa kotheratu. Pali pamene alasa, ndipo ndifikapo. Pamene aphonya ndi poganiza kuti popeza mpanda uli ndi zibowo, ndiye kuti mpanda palibe.

Ndikhulupirira kuti kwanuko lilipo gulu losunga ndalama, aja amakumana sabata ndi sabata pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi. Tayang'anani bokosi lawo. Ndi lachitsulo, lili ndi maloko atatu. Kiyi wina ali ndi mayi wa kumtunda, wina ali ndi mayi wa kumunsi kwa mudzi, wachitatu ali ndi munthu amene sayenda nawo awiriwa. Bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi ngakhale mmodzi, ndipo kabuku kali ndi mlembi. Sikuti anthuwa amayesana akuba ayi. Amangodziwa kuti njala ya mu Febuluwale imayesa aliyense, ndi mkulu wa mpingo yemwe. Ndipo amadziwanso chinthu china chimene ndikufuna muchisunge mpaka kumapeto kwa yankholi: makiyi atatuwo akakhala a anthu a nyumba imodzi, malokowo amakhala ongokongoletsa bokosi.

Dziko nalonso linakonzedwa motero. Ana a sukulu amaloweza nthambi zitatu, opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweruza. Koma Malamulo Aakulu a dziko lino, amene anavomerezedwa mu Novembala 2004, pa ndime 133 amatchula asanu: Pulezidenti, Nyumba ya Malamulo imene pa Chipwitikizi ndi Assembleia da República, Boma kutanthauza nduna, makhoti, ndi Conselho Constitucional, bwalo loona ngati lamulo kapena chochita cha boma chikugwirizana ndi Malamulo Aakuluwo. Ndime 134 imati asanuwa akhale olekana koma odalirana. Sizinali choncho chiyambire. Kuchokera pa ufulu mu 1975 kufikira 1990 chipani chinali chimodzi, ndipo malamulo a nthawiyo ankanena poyera kuti FRELIMO ndiyo imatsogolera boma. Achikulire akukumbukira nthawi imene mawu a mlembi wa Grupo Dinamizador, komiti ya chipani ya m'mudzi, anali chigamulo. Chizolowezi chija chakuti zachokera kumwamba chinakulira mmenemo, pamwamba pa cha atsamunda, ndipo sichinafe tsiku limene pepala linasinthidwa.

Maloko ake ndi otere. Aphungu 250 ndiwo amapanga malamulo, kuvomereza misonkho ndi bajeti ya chaka, ndi kuika malire a ngongole zimene boma lingatenge kapena kuikira kumbuyo. Lamulo likatuluka m'Nyumbamo limapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 30 oti alisainire kapena alibweze ndi zifukwa zake. Akalibweza, aphungu n'kulivomerezanso ndi magawo awiri mwa atatu, iye ayenera kusaina, afune asafune. Naye Pulezidenti ali ndi chikwapu chake: aphungu akakana pulogalamu ya boma, angathe kuthetsa Nyumbayo n'kuitanitsa chisankho china. Akapalamula mlandu pa ntchito yake amayankha ku Tribunal Supremo, khoti lalikulu la dziko lino, koma pafunika gawo limodzi mwa atatu la aphungu kuti ayambitse nkhaniyo ndi magawo awiri mwa atatu kuti aivomereze. Loko amene wagwira bwino kuposa onse ndi woti Pulezidenti asapitirire maulendo awiri otsatizana a zaka zisanu. Joaquim Chissano anatula mu 2005, Armando Guebuza mu 2015, Filipe Nyusi mu Januwale 2025. M'maiko ena a mu Africa muno mfundo imeneyi anaifufuta kalekale, ndiye tisaipeputse.

Pali bwalo lina limene anthu wamba salidziwa kwenikweni, koma mphunzitsi aliyense amalidziwa, la Tribunal Administrativo. Mukamva mphunzitsi watsopano ku Ulongwe akudandaula kuti akudikira visto, akunena chidindo cha bwalo limeneli. Boma silingangolemba munthu ntchito kapena kusaina kontirakiti yaikulu popanda oweruzawa kuona kuti zatsata lamulo ndipo ndalama yake ilipo. Chaka ndi chaka bwaloli limaunikanso mabuku a ndalama za boma n'kupereka lipoti kwa aphungu. Komanso ndi kumene munthu amakasumira chigamulo cha ofesi ya boma. Kwa wodikira malipiro, visto ndi chinthu chotopetsa. Koma ndiye loko ameneyo, ndipo loko ntchito yake ndi kuchedwetsa dzanja.

Tsopano tibwere kwa mnyamata wanuyo. Kwa zaka zambiri dziko lino linkagwiritsa ntchito malamulo a milandu amene atsamunda anasiya, a mu 1929. Malamulowo ankalola apolisi, oimira boma pa milandu, ngakhale akuluakulu a maofesi a boma, kulamula kuti munthu atsekeredwe. Bungwe la Liga dos Direitos Humanos linasonkhanitsa masaini a nzika n'kukapereka dandaulo ku Conselho Constitucional, ndipo mu Seputembala 2013 bwalolo linagamula kuti ndime zimenezo zikutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Linati munthu amene sanagwidwe ali mkati mopalamula, womulamula kuti atsekeredwe ndi woweruza. Administrador, mkulu wa boma laling'ono ngati Angonia, alibe mphamvu imeneyo, mkulu wa posto alibe, mlembi wa chipani alibe, mfumu ilibe. Wamkulu wa boma akakhala ndi dandaulo, akadandaule ngati munthu wina aliyense.

Ndichenjeze pang'ono pano, chifukwa m'kalata yanu simunanene ngati pa dimbapo panali ndewu. Ngati anamenyana, apolisi n'kumupeza pompo kapena akumuthamangitsa, akanatha kumugwira popanda chikalata cha woweruza. Koma ngakhale zikadatero, lamulo limati wogwidwa aonekere kwa woweruza pasanathe maola 48. Masiku anayi ndi maola 96. Choncho kaya nkhaniyo tiitembenuze chotani, penapake lamulo linaphwanyidwa. Kumutulutsa popanda pepala nakonso kumandiuza kanthu. Pa zimene ndaona ine, munthu akatulutsidwa chonchi nthawi zambiri mlandu sunalembedwe n'komwe, cholinga chinali kumuopseza kuti asiye dimba.

Taonani mmene chigamulo cha 2013 chinabwerera. Sanachiyambitse ndi phungu kapena nduna. Malamulo Aakulu amatchula amene angapemphe Conselho Constitucional kuti liunike lamulo: Pulezidenti, mtsogoleri wa Nyumba ya Malamulo, gawo limodzi mwa atatu la aphungu, nduna yaikulu, Procurador-Geral (mkulu wa oimira boma pa milandu), Provedor de Justiça (wolandira madandaulo a anthu), ndi nzika 2,000. Kiyi womalizayu ndi wathu, ndipo watsegula kangapo pamene akuluakulu onse anali chete.

Umboni waukulu ndi nkhani ya ngongole zobisika, imene inafika ndi m'thumba mwanu momwe ngakhale simunaone khobidi lake. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma anakongola ndalama kunja: Proindicus madola 622 miliyoni, Ematum 850 miliyoni, MAM 535 miliyoni. Zonse pamodzi zinafika madola 2 biliyoni. Nduna ya za chuma ya nthawiyo, Manuel Chang, inasaina kuti boma lidzabweza makampaniwo akalephera, kudumpha malire amene aphungu anaika m'bajeti, ndipo Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe. Ndiko kuti bokosi linabooledwa kunsi, maloko ali chitsekere. Zitaululika mu Epulo 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo inu munaonera pa mtengo wa thumba la feteleza ndi mafuta ophikira. Amene ankasintha ndalama pa malire a Calomue chaka chimenecho akukumbukira.

Aphungu anachita chiyani? Anakhazikitsa komiti yofufuza, imene inavomereza kuti malamulo anaphwanyidwa. Koma kenaka ambiri m'Nyumbamo anavomereza mabuku a ndalama za boma okhala ndi ngongolezo, ngati kuti akusambitsa mwana wobadwira kutchire. Amene anakana kugona ndi mabungwe a anthu wamba a Fórum de Monitoria do Orçamento. Anayenda ndi mapepala kusonkhanitsa masaini 2,000, ndipo mu Juni 2019 Conselho Constitucional linagamula kuti ngongole ya Ematum ndi chikole chake zinali zopanda mphamvu pa lamulo. Mu Meyi 2020 linanenanso chimodzimodzi pa Proindicus ndi MAM. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linapeza olakwa anthu 11 mwa 19, ndipo mmodzi mwa iwo anali Ndambi Guebuza, mwana wa Pulezidenti wakale, amene anamulamula zaka 12. Chang anamugwira ku Johannesburg mu Disembala 2018, ndipo anakamuweruza ku New York, kumene anamupeza wolakwa mu 2024.

Ndikanakonda nkhaniyo ikanathera pamenepa. Koma m'chaka chomwecho cha 2019, chigamulo chili chitulukire, boma linapitiriza kugwirizana ndi okongoza a Ematum, n'kusandutsa ngongoleyo kukhala yatsopano ya madola 900 miliyoni, ponena kuti dziko silingathawe amene analikongoza m'misika ya kunja. Woweruza alibe msilikali wake, alibenso mosungira chuma mwake. Amalankhula, ndipo wina ayenera kumvera. Apa ndi pamene alamu anu ayamba kulasa.

Tiwerengere limodzi. Pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, malinga ndi zimene Conselho Constitucional linalengeza pa 23 Disembala, FRELIMO ili ndi mipando 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Magawo awiri mwa atatu a 250 ndi 167, ndiye chipani cholamula chapyola pamenepo pachokha. Gawo limodzi mwa atatu ndi 84, koma otsutsa onse pamodzi ndi 79. Ndiye kuti ngakhale atagwirizana onse, sangathe paokha kutumiza lamulo ku Conselho Constitucional kapena kuyambitsa mlandu wa Pulezidenti. M'Nyumba yapitayi zinali zoposa apa, 184 kwa 66. Onjezani kuti phungu kuno sitimuvotera ndi dzina lake, timavotera mndandanda wa chipani m'chigawo. Amene amamuika pa mndandandawo ndi chipani. Kodi inu mumamudziwa phungu wa Domwe? Palibe, alipo aphungu a chigawo cha Tete. Munthu amaopa amene angamuchotse, ndipo womuchotsa phungu pa mndandanda sali ku Domwe.

Ku makhoti nako, Pulezidenti ndiye amasankha mkulu wa Tribunal Supremo, mkulu wa Tribunal Administrativo ndi mkulu wa Conselho Constitucional, aphungu n'kuvomereza. Amasankhanso Procurador-Geral. Oweruza a Conselho Constitucional alipo 7: mmodzi wa Pulezidenti, asanu osankhidwa ndi aphungu motsata kuchuluka kwa mipando ya zipani, ndi mmodzi wochokera ku khonsolo ya oweruza. Amakhala zaka zisanu ndipo angathe kuwonjezeredwa. Ine mfundo yowonjezerayi sindiikonda, chifukwa munthu woyembekezera kuitanidwanso sakalipa pa nyumba ya womuitana. Pamwamba pa zonsezi, Pulezidenti kuno ndiyenso mutu wa Boma ndi mkulu wa asilikali, ndipo kawirikawiri ndiyenso mtsogoleri wa chipani. Si zaupandu, zambiri mwa izi zinalembedwa choncho. Koma ndiye makiyi aja a nyumba imodzi.

Kuti muone kuti nkhani ndi masamu, osati mtundu wa anthu, bwererani ku 1999. Nthawi imeneyo FRELIMO inali ndi mipando 133 ndipo Renamo ndi anzake 117. Panalibe amene akanasintha Malamulo Aakulu payekha, ndipo a 2004 aja anatuluka mbali zonse zitagwirizana. Yerekezani ndi 2023. Kusintha kwa 2018 kunalonjeza kuti pofika 2024 maboma ang'ono ngati Angonia, Tsangano ndi Macanga adzakhala ndi misonkhano yosankhidwa ndi anthu, ndipo administrador adzachokera m'mavoti. Mu 2023 aphungu a chipani cholamula anagwiritsa ntchito magawo awiri mwa atatu aja kuchotsa chakacho. N'chifukwa chake mpaka lero administrador amatumizidwa, sitimusankha.

Komabe musaganize kuti akuluakuluwa sakangana. Pambuyo pa chisankho cha matauni cha mu Okutobala 2023, makhoti ena a m'maboma analamula kuti mavoti awerengedwenso kapena chisankho chibwerezedwe. Conselho Constitucional linati mphamvu yofafaniza chisankho ndi yake yokha, ndipo a Tribunal Supremo sanabise kuti sakugwirizana nazo. Bwalo lomwelo linasintha zotsatira m'matauni anayi, Quelimane, Chiúre, Alto Molócuè ndi Vilankulo, n'kuwapereka kwa Renamo. Mu 2024 aphungu anapanga lamulo lopatsa makhoti a m'maboma mphamvu yolamula kuwerenganso mavoti, Pulezidenti Nyusi analibweza, ndipo mu Ogasiti aphungu anachotsa mfundoyo m'malo molimbikira. M'nkhani imodzi yomweyi mukuona maloko onse akugwedezeka, ndipo mukuonanso amene anagonja.

Za ku Malawi munamva zoona. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha mu Meyi 2019, khoti lalikulu la apilo linavomereza mu Meyi, ndipo pa 23 Juni anthu anavotanso, Lazarus Chakwera n'kupambana Peter Mutharika. Ambiri m'malire muno tinkamvera mlanduwo pa wailesi, mboni zikufunsidwa miyezi ndi miyezi za mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Kusiyana kwake kulipo. Kumeneko mlandu unamvedwa poyera, mboni ndi mboni, pamene Conselho Constitucional limagamula poona mapepala. Kumeneko woweruza amakhala mpaka msinkhu wopuma, sadikira kuwonjezeredwa. Ndipo nthawi imeneyo panalibe chipani chokhala ndi theka lomwe la aphungu. Ngakhale zinali choncho, oweruzawo ankapita ku khoti moperekezedwa ndi asilikali. Kulimba mtima kumafunika kulikonse. Kuno kwathu sitinaiwale Gilles Cistac, mphunzitsi wa za Malamulo Aakulu amene anawomberedwa ku Maputo pa 3 Malichi 2015. Ndipo mu 2024 bungwe la oweruza linafika polengeza sitiraka, lisanaiimitse, podandaula za chitetezo chawo ndi kudalira Boma pa ndalama. Woweruza amene galimoto ndi nyumba yake akudikira kwa amene mawa adzamuweruze ali pa mpanipani.

Za m'chigawo ndingodutsamo. Kuyambira 2019 Governador, bwanamkubwa wa chigawo, amachokera m'mavoti, ndipo msonkhano wa chigawo umavomereza bajeti yake ndi kumufunsa mafunso. Pambali pake pali Secretário de Estado, woimira boma lalikulu m'chigawo, wosankhidwa ndi Pulezidenti. Apolisi ndi makhoti sali pansi pa Governador, ndiye nkhani ya mnyamata wanu musataye ndalama ya basi kupita nayo kumeneko.

Nanga mupite kuti? Chimene ndaphunzira ine n'chakuti maloko aakulu a ku Maputo amavuta kuwafikira, koma ang'onoang'ono a pa boma amagwira kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, malinga nkhaniyo ikhale pa pepala. Tsiku lina kunabwera mayi wina wokalamba, atamanga timapepala m'nsonga ya chitenje, mwana wake ali m'chitokosi tsiku lachisanu pa nkhani ya mbuzi. Anali atagwada kale pa maofesi atatu, konse akumuuza kuti abwere mawa. Tinalemba tsamba limodzi lokha: dzina la mwanayo, tsiku ndi ola limene anamugwira, malo amene ali, ndi funso lakuti ndi woweruza uti amene analamula. Tinalemba makope awiri, kupereka limodzi ku ofesi ya procurador, woimira boma pa milandu, linalo kupempha kuti atidindire ndi kulembapo tsiku. Dzuwa lisanalowe mnyamatayo anali atafika kwa woweruza. Palibe amene anasanduka woyera mtima tsiku limenelo. Kungoti lamulo la pa foni lilibe mwini, pamene pepala lodindidwa limafuna dzina la woyankha, ndipo palibe wantchito wa boma amene amafuna dzina lake likhale pansi pa cholakwa cha bwana wake.

Inu muchite chimodzimodzi. Khalani pansi ndi mnyamatayo lero lomwe, mulembe zonse zisanaiwalike: tsiku, ola, amene anabwera, mawu amene ananena, amene anaona, tsiku lotuluka. Ngati anamenyedwa, apite ku chipatala akatenge pepala mabala asanapole. Mukatero mupite ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza kwaulere anthu amene sangathe kulipira loya, imene imapezeka m'maboma. Akuthandizeni kulemba dandaulo kwa procurador wa boma lanu, chifukwa Malamulo Aakulu amamupatsa iyeyo ntchito yoona ngati anthu akutsekeredwa motsata lamulo ndi nthawi yake. Mufunsenso ngati pali mlandu wolembedwa pa dzina la mwanayo, kuti asadzadzidzimuke nawo mtsogolo. Chilichonse chimene mwapereka, tsalani ndi kope lodindidwa, ndipo musalisunge m'thumba la malaya.

Zikadzachitikanso, munthu ali mkati ndipo maola 48 apitirira, musadikire. Ndime 66 imapereka njira yotchedwa habeas corpus, pempho lopita kwa woweruza kuti wotsekeredwa popanda lamulo atulutsidwe, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Ndime 58 imati boma liyenera kulipira munthu amene wavulazidwa ndi zochita zosatsata lamulo za antchito ake. Njira ya chipukuta misoziyi ilipo, koma sindikunamizani, ndi yaitali. Ndinaperekezapo bambo wina amene anapambana mlandu wotere, ndipo chigamulo chinakhala m'kabati zaka ndalama isanatuluke. Imeneyi musaiyambe popanda loya. Provedor de Justiça, amene amasankhidwa ndi aphungu, naye amalandira madandaulo okhudza antchito a boma kwaulere. Iye salamula, amangolangiza, koma amakatchula m'lipoti lake kwa aphungu maofesi amene sakumumvera, ndipo ena amachita nazo manyazi.

Musaiwale gwero la zonsezi, dimba lija. Likapanda kukonzedwa, apolisi adzabweranso pa chifukwa china. Lamulo la malo la 1997 limalemekeza munthu amene akulima malo motsata mwambo, komanso amene wakhalapo mokhulupirika zaka 10, ngakhale alibe DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Yambani kwa nyakwawa ndi amfumu, aitane achikulire odziwa malire, amene akudziwa pamene panali msatsi kapena chulu. Zikakanika, bwalo la m'mudzi, tribunal comunitário, lingayese kuyanjanitsa, koma dziwani kuti bwalo limeneli lilibe mphamvu yotsekera munthu, ndipo amene sanakhutire angapite ku khoti la boma. Chigamulo chilichonse chilembedwe, mboni zisaine kapena kudinda chala.

Zoopsa zilipo, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanazibisa. Wamkuluyo mudzakumana naye pa maliro, pa msika, pogawa mbewu. Choncho musapite nokha, tengani mbumba ndi munthu wina wolemekezeka, kaya wa mpingo. M'dandaulo lanu lembani zimene zinachitika, osati zimene mukuganiza za khalidwe lake. Musalembe kuti ndi wakuba kapena wachinyengo, ndipo anyamata a pakhomo muwaletse kumutukwana pa Facebook kapena WhatsApp, chifukwa mlandu wonyoza ungatembenukire kwa inu nkhani yeniyeni n'kukwiririka. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti zithe, dziwani kuti woperekayo nayenso amapalamula, ndipo mukapereka kamodzi mwadzilembetsa.

Nthawi yofuna loya weniweni, osati malangizo a m'kalata ngati ano, ndi iyi: mnyamatayo akaitanidwa ku khoti kapena akapatsidwa pepala la mlandu, wina akayamba kukuopsezani, procurador akakhala chete mwezi wathunthu, kapena ofesi ya boma ikatulutsa chikalata chopereka dimbalo kwa munthu wina. Chomalizachi chimapita ku Tribunal Administrativo, ndipo masiku osumira ndi owerengeka, ndiye mukachiona musagone nacho. Pa boma pakavuta, nkhaniyo ikwereni nayo ku ofesi ya procurador wa chigawo mumzinda wa Tete, mutanyamula makope anu odindidwa aja. Ngati mungathe, alamu anuwo muwatenge pa ulendo woyamba wa ku IPAJ, akakhale mboni yoona chidindo chikugwa pa pepala.